Wodwala impso asamwe chimene sichinayezedwe

Munthu akangouzidwa kuchipatala kuti impso zake zayamba kufooka, sabata sitha asanalandire botolo. Lina amabwera nalo mlongo wake, lina mnzake wa kuntchito, ndipo lina amaliona yekha pa Facebook pakati pa usiku tulo titakana, pamene munthu wovala zoyera akulonjeza kuti mankhwala ake amatsuka impso, amatsitsa creatinine (chotsalira cha m'magazi chimene chimakwera impso zikafooka), ndiponso kuti wowamwa sadzaona makina osefera magazi. Ambiri mwa obweretsa mabotolowa alibe mtima woipa. Akuona wokondedwa wawo akutupa mapazi, akusanza, akuwonda, ndipo kukhala manja lende kukuwapweteka. Ine sindikuwaweruza. Koma ndinene mosapsatira: kwa munthu amene impso zake zafooka, chilichonse cholowa m'kamwa chimene palibe akudziwa zomwe zili m'katimo, muyezo wake, ndi mmene chimatulukira m'thupi, n'choopsa, ngakhale chitachokera ku mtengo umene tonse timaudziwa. Udindo wosonyeza kuti chinthucho n'chabwino ndi wa wogulitsa. Thupi la wodwala si poyeserapo.

Impso iliyonse imakula ngati chibakera, ndipo m'kati mwake muli tisefa ting'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni. Pa magazi onse amene mtima umapopa, gawo limodzi mwa magawo asanu limapita ku impso. Pa tsiku zimasefa madzi okwana malita pafupifupi 180, n'kubwezera pafupifupi onsewo m'magazi, n'kusiya lita imodzi ndi theka kapena awiri kuti akhale mkodzo. Pamene madzi akubwerera m'thupi, zotsalira zimaunjikana m'timachubu ta impso, moti poizoni amene m'magazi anali wochepa mphamvu, akafika m'timachubumu amakhala wamphamvu kuwirikiza. N'chifukwa chake impso zimavulala msanga ndi zinthu zimene ziwalo zina sizinamve n'komwe. Ndiye pali mbali yachiwiri. Impso zikafooka, zimene zinayenera kutuluka ndi mkodzo zimatsalira. Supuni imene mnzanu wathanzi amamwa osamva kanthu, mwa inu imakhala, mawa n'kubweranso ina pamwamba pake.

Chimandiwawa kwambiri n'chakuti tisefa timeneti tikafa n'kusanduka zipsera, sitimeranso. Chiwindi chimatha kudzikonza chikadulidwa mbali ina, koma impso imene yachita zipsera yapita. Madzi akatayika saoleka. Ndipo zonsezi zimachitika mwakachetechete. Munthu akhoza kutaya theka la mphamvu ya impso zake akudya bwino, akugwira ntchito, osamva kuwawa paliponse. Madokotala amadziwa poyeza magazi ndi mkodzo: nambala ya eGFR, yosonyeza mphamvu ya impso posefa magazi, ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu amati impso zadwala, ikatsika pansi pa 15 amati zalephera. Choncho wina akati "ndamwa miyezi iwiri ndipo ndikupeza bwino", sanatiuze kanthu za impso zake. Impso siziuza mwini wake kuti zikufa.

Pali nkhani imene ndimafuna kuti aliyense wogulitsa kapena wogula zitsamba aidziwe. Mu 1990, chipatala china chothandiza anthu kuchepetsa thupi mumzinda wa Brussels ku Belgium chinasintha makapisozi ake n'kuwonjezeramo zitsamba zochokera ku China. Owamwa ambiri anali azimayi achitsikana, athanzi, opanda vuto lililonse la impso. Pasanathe zaka ziwiri ena a iwo anayamba kufika kuchipatala impso zitauma ndi zipsera. Dokotala wa impso Jean-Louis Vanherweghem ndi anzake anaona kuti odwala awo onsewa anadutsa pakhomo limodzi, ndipo analengeza zimenezi mu 1993. Pofufuza kunapezeka kuti pa pepala panalembedwa chomera chotchedwa Stephania tetrandra, koma m'makapisozi munali china, Aristolochia fangchi. M'Chitchaina mayina a mizu iwiriyi amafanana, onse ali ndi mawu akuti fang ji, ndipo penapake m'njira wina anasinthanitsa. Anthu oposa 100 anavulala impso, ambiri mpaka kufuna makina osefera magazi kapena impso ya munthu wina.

Tsokalo silinathere pomwepo. Madokotala anaona kuti poizoni wa m'chomerachi, aristolochic acid, amamatirira ku DNA ya munthu. Anapempha odwala amene impso zawo zinali zitafa kale kuti azichotse pamodzi ndi timitsempha totsitsira mkodzo. Pa anthu 39 amene anavomera, 18 anapezeka ndi khansa ya njira ya mkodzo; zotsatirazi zinatuluka m'chaka cha 2000. Lero bungwe la WHO loona za khansa limaika poizoniyu m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, ndipo mayiko ambiri analetsa chomerachi, Taiwan mu 2003. Onani kuti azimayi aja sanagule mankhwalawa kwa munthu wongodutsa mumsewu. Anawalandira m'manja mwa madokotala, m'dziko lolemera, atakulungidwa bwino, dzina litalembedwa. Chinasowa n'chimodzi: palibe anayeza chimene chinali m'katimo asanachipereke kwa anthu.

Apa wina anena kuti limeneli linali vuto la kusinthanitsa mizu, ndipo zitsamba zimene anthu akhala akumwa kuyambira kalekale zinayesedwa kale ndi nthawi. Mfundo imeneyi ndimailemekeza, chifukwa nzeru za makolo zinapulumutsa anthu ambiri. Koma chomera chomwechi ndicho chimaigwetsa. Aristolochia wakhala mankhwala kwa zaka zoposa 2,000, ku Greece, ku China, ku India ndi kwina; dzina lake lenilenilo m'Chigiriki limanena za kubereka bwino, poti ankapatsa azimayi pochira. Mibadwo yonseyi palibe anazindikira kuti amapha impso. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Poizoni wopha tsiku lomwelo aliyense amamudziwa, ndipo mudzi wonse umachenjezana. Koma amene amapha patapita zaka zisanu kapena makumi awiri, ndani angamulumikize ndi chikho chimene munthu anamwa kalekale? M'midzi ina ya m'mphepete mwa mitsinje yothira mu Danube, ku Serbia, Bosnia, Croatia, Romania ndi Bulgaria, mabanja athunthu a alimi ankafa ndi impso. Madokotala anayamba kulemba za matendawa m'ma 1950, koma umboni wamphamvu wa gwero lake unabwera cha mu 2007: njere za mtundu wina wa Aristolochia womera m'minda ya tirigu zinkakololedwa pamodzi ndi tiriguyo n'kugayidwa mu ufa. Ngati akatswiri okhala ndi zipangizo zonse anatha zaka 50 akusakasaka, tisayembekezere kuti diso lokha, ngakhale la munthu wanzeru chotani, lingaone zoterezi.

Ndipo si chomera chimodzi. Ku South Africa madokotala akhala akulemba kuyambira m'ma 1970 za muzu wotchedwa impila, umene umawononga chiwindi ndi impso m'masiku ochepa. Ku China, Vietnam ndi India anthu ena amameza ndulu yaiwisi ya nsomba pofuna kuchiza maso kapena nyamakazi, n'kukathera kuchipatala mkodzo utasiya kutuluka.

Koma zimene zimandidetsa nkhawa kuposa poizoni wodziwikiratu ndi zinthu zabwinobwino, zimene munthu wathanzi angadye tsiku lililonse. Chipatso cha carambola, chija chimaoneka ngati nyenyezi ukachidula, anthu mamiliyoni amachidya popanda vuto. Muli chinthu china chimene impso zathanzi zimachotsa mosavuta, chomwe akatswiri a ku Brazil anachizindikira mu 2013 n'kuchitcha caramboxin. Mwa munthu amene impso zake zalephera, chimatsalira n'kukafika ku ubongo. Amayamba ndi chidikhodikho chosatha, kenako kusokonezeka mutu, kukomoka, ndipo ena amwalira atadya zipatso zochepa chabe kapena kumwa kapu imodzi ya madzi ake. Mnansi amene angakuuzeni kuti iye amadya ndipo sichimuchita kanthu akunena zoona. Kungoti impso zake si zanu.

Chimodzimodzi potaziyamu. Mchere umenewu umafunika m'thupi, ndipo umapezeka wambiri m'masamba ndi zipatso. Impso zikafooka umakwera m'magazi, ndipo ukapitirira 6 pa muyezo wa kuchipatala mtima ukhoza kuyamba kugunda mosalongosoka mpaka kuima, nthawi zambiri popanda chenjezo. Tsono taganizirani munthu amene akumwa enalapril, losartan kapena spironolactone, mankhwala abwino ndithu koma amene amasunga potaziyamu m'thupi. Wina amubweretsera madzi a chipatso cha noni, kapena amuuza kuti azifinya masamba obiriwira mtolo wathunthu m'mawa uliwonse kuti ayeretse magazi. Winanso, pomufunira zabwino, amugulira mchere umene amati ndi wa odwala BP, osadziwa kuti m'malo mwa sodium anaikamo potaziyamu yemweyo. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene tingachitche poizoni, koma zikakumana mwa munthu mmodzi zikhoza kumupha ali m'tulo. Vitamini C naye, amene ambiri amamuyesa wopanda vuto, akamwedwa wochuluka kwambiri thupi limamusandutsa oxalate, timiyala tosaoneka ndi maso timene timatseka timachubu ta impso. Muzu wotsekemera wa licorice, umene umaikidwa m'matiyi ambiri azitsamba, umakweza BP, mdani wamkulu wa impso.

Mawu akuti "kutsuka impso" ndikanakonda atatheratu. Impso si poto woti n'kukwecha. Zitsamba zambiri zimene amati zimatsuka zimangokodzetsa kwambiri kapena kutsegula m'mimba, ndipo munthu poona mkodzo wambiri amakhulupirira kuti zoipa zikutuluka. Chimene chikutuluka ndi madzi. Thupi likauma, magazi opita ku impso amachepa, ndipo impso zofooka kale zimalephereratu. Mankhwala ena otsegula m'mimba ndi opopera kumbuyo ali ndi magnesium kapena phosphate wambiri, zinthu zimene impso zodwala sizitha kutaya.

Tsopano tibwere pa botolo lenilenilo, lokhala ndi chithunzi cha tsamba ndi mawu akuti "zachilengedwe zokhazokha". Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu ambiri amaganiza kuti chinthu chikakhala m'botolo lomata bwino, chochokera kunja, ndiye kuti boma lina linachiyeza. Ku United States, lamulo la 1994 limalola kampani kugulitsa mankhwala owonjezera m'thupi popanda kusonyeza kaye kuti amagwira ntchito. Bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala m'dzikolo, kawirikawiri limalowererapo zinthu zitafika kale pamsika. Mu 2003, ofufuza a ku Boston anagula mitundu 70 ya mankhwala achikhalidwe a ku India otchedwa Ayurveda m'masitolo a mumzindawo n'kukaiyeza. Mitundu 14 inali ndi mtovu, mercury kapena arsenic, zinthu zitatu zimene zonse zimawononga impso. Ku Japan, dziko losamala kwambiri pa ukhondo, mu March 2024 kampani yaikulu ya mankhwala inachotsa pamsika mapiritsi a mpunga wofiira otsitsa mafuta m'magazi, anthu ambiri atagonekedwa m'zipatala ndi vuto la impso. Kunapezeka kuti chuku cha mtundu wina chinalowa popanga, n'kusiyamo poizoni wotchedwa puberulic acid.

Kumeneko tingati kunali kulakwitsa. Pali ena amene amachita dala. Mabungwe oyeza mankhwala m'mayiko osiyanasiyana akhala akupeza diclofenac ndi dexamethasone, mankhwala akuchipatala ochepetsa ululu ndi kutupa, zitabisidwa m'mankhwala "azitsamba" a nyamakazi ndi msana. Womwa amadabwa kuti ululu watha m'masiku awiri, chilakolako cha chakudya chabwerera, ndipo amauza anzake onse. Sakudziwa kuti akumwa tsiku ndi tsiku mankhwala omwe aja dokotala wake anamuletsa, pa muyezo umene palibe akuudziwa. Kuchita zimenezi kwa munthu wodwala amene waika chikhulupiriro chake mwa iwe ndi nkhanza, ndipo boma lililonse liyenera kuzitenga ngati mlandu waukulu.

Ngakhale chitsamba chitakhala chenicheni ndi choyera, chimakakumana m'thupi ndi mapiritsi ena, ndipo wodwala impso amakhala ndi mapiritsi ambiri. Chitsanzo chodziwika bwino ndi St John's wort, chomera chimene anthu amamwa akakhala ndi nkhawa. Chimafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, kuphatikizapo cyclosporine ndi tacrolimus, amene amateteza chiwalo chopatsidwa kuti thupi lisachikane. M'chaka cha 2000 madokotala a ku Zurich analemba za odwala awiri amene matupi awo anayamba kukana mitima imene anapatsidwa atayamba kumwa chitsambachi, ndipo zomwezo zaonekanso mwa opatsidwa impso. Taganizani, mbale wako wagona pa tebulo la opaleshoni kuti akupatse impso yake imodzi, iwe n'kuitaya chifukwa cha tiyi amene palibe anakuchenjeza za iye.

Nanga maumboni aja? Pa intaneti pali anthu ambiri ogwira mapepala awiri a kuchipatala, lina la kale lina la tsopano, kusonyeza kuti creatinine watsika. Sindikunena kuti onse ndi abodza. Koma pali zinthu zimene saziwerengera. Kuvulala kwa impso kuli mitundu iwiri. Kwina n'kwadzidzidzi, kobwera ndi malungo aakulu, kutsegula m'mimba, kutaya magazi kapena mankhwala ena, ndipo kumeneku nthawi zambiri impso zimabwerera zokha m'masabata angapo choyambitsacho chikachoka. Amene anamwa chitsamba m'masabata amenewo adzathokoza chitsambacho ndi mtima wonse, pamene akanachira ngakhale osamwa. Komanso creatinine amachokera m'minofu. Munthu akasiya nyama, kapena akawonda minofu n'kutha, nambalayo imatsika ngakhale impso zisanasinthe m'pang'ono pomwe. Imasinthanso malinga ndi madzi amene munthu wamwa. Ndipo chachikulu n'chakuti timamva okhawo amene atsala. Amene anamwa botolo lomwelo n'kumwalira sajambulidwa, ndipo abale ake amangoti matenda anakula.

Ndikudziwa chimene ambiri angandiyankhe, ndipo n'chomveka. Adzati: inu mukuletsa zitsamba, nanga chipatala chikutipatsa chiyani? Akuti anthu pafupifupi 850 miliyoni padziko lonse ali ndi matenda a impso, ndipo ambiri mwa amene impso zawo zalephera sadzafika pa makina osefera magazi, chifukwa m'mayiko ochuluka makinawo ndi ochepa, ali kutali, ndipo mtengo wake umagwetsa banja. Amene wawapeza amakhala pa mpando maola anayi, katatu pa sabata, moyo wake wonse. Munthu amene wauzidwa zimenezi ndi dokotala wotanganidwa m'mphindi zisanu, kenako n'kukumana ndi wina amene akumumvetsera ola lathunthu n'kumuuza kuti achira, adzatsatira wachiwiriyo. Ndani sangatero? Koma mfundo yomweyi ndiyo ikundichititsa kulimbikira. Ngati makina ali kutali, ndiye kuti tisefa totsalato ndi chuma chokhacho chimene munthuyo ali nacho. Amene eGFR yake ili pa 30 akhoza kukhala zaka zambiri osafuna makina ngati atazisamala. Botolo limodzi lolakwika likhoza kumutsitsa kufika pa 10 m'mwezi umodzi, ndipo kumeneko kulibe njira yobwerera. Wosauka ndiye amene sangakwanitse n'komwe kuchita juga imeneyi.

Adzatinso mankhwala akuchipatala nawo amawononga impso. N'zoona, ndipo tisabise. Ibuprofen ndi diclofenac, amene anthu amagula okha akamva mutu kapena msana, avulaza impso zambiri kuposa chitsamba chilichonse chimene ndatchula, ndipo wodwala impso ayenera kuwapewa pokhapokha dokotala atanena. Jakisoni wa gentamicin amatha kuvulaza impso, tenofovir wa HIV wa mtundu wakale nayenso, ngakhale mankhwala amene amabaya munthu asanamujambule m'kati. Kusiyana kwake n'kwakuti za amenewa tikudziwa. Tikudziwa mamiligalamu ali m'piritsi lililonse, tikudziwa kuti eGFR ikafika pakuti muyezo uchepetsedwe kapena asiyidwe, ndipo pali magazi oti ayezedwe pakapita masiku akutiakuti. Mizu yowiritsidwa mphamvu yake imasintha malinga ndi dothi, nyengo, msinkhu wa mtengo ndi kutalika kwa nthawi imene yakhala pamoto. Chikho cha lero si cha dzulo, ndipo palibe buku limene likunena kuti wa impso zofooka amwe chochuluka bwanji.

Amene akuganiza kuti ndimanyoza za m'chilengedwe amve izi. Mankhwala awiri amene lero akuteteza impso kuposa ena onse anachokera komweko. M'ma 1960, Sérgio Ferreira wa ku Brazil anapeza mu ululu wa njoka yotchedwa jararaca chinthu chotsitsa BP. Kuchokera pamenepo kunapangidwa captopril, amene anavomerezedwa mu 1981, kholo la enalapril ndi lisinopril. Mu 1835 akatswiri a ku Ulaya anatulutsa m'khungwa la mtengo wa maapozi chinthu chotchedwa phlorizin, chimene chimachititsa impso kutaya shuga mu mkodzo. Chokhacho sichinathe kukhala mankhwala, poti chinkatsegula m'mimba ndipo sichinkalowa bwino m'magazi. Patapita zaka zoposa 170 akuchikonza, kunabadwa dapagliflozin ndi anzake. Kafukufuku wa odwala impso oposa 4,000 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2020 anasonyeza kuti dapagliflozin amachepetsa ndi 39 peresenti chiopsezo chakuti impso zifooke kwambiri, zilephere, kapena munthu amwalire ndi impso kapena mtima. Metformin wa odwala shuga nayenso gwero lake ndi chomera. Ndiye mwina m'nkhalango muli mtengo umene tsiku lina udzathandiza impso, ndipo ndikufunitsitsa kuti mayunivesite ndi maboma aike ndalama pofufuza zitsamba zimene asing'anga amagwiritsa ntchito, pamodzi ndi asing'angawo. Koma palibe amene angauze wodwala kuti akalumitse njoka chifukwa captopril anachokera ku ululu wake. Pakati pa khungwa ndi piritsi pali zaka za kuyeza, kuchotsa choipa, ndi kupeza muyezo.

Njira zina zothandizira zimene sizilowa m'kamwa ndilibe nazo mkangano waukulu. Pemphero, kusisita thupi, kupuma mwadongosolo, kuyenda pang'ono tsiku lililonse, kucheza ndi ena odwala matenda omwewo, zonsezi zimapepuza mtima ndipo sizidutsa mu impso. Malire ake ndi awiri. Zisalowe m'malo mwa mapiritsi kapena tsiku la makina, ndipo pa mkono umene madokotala anakonza mtsempha wolumikizira makina pasabayidwe singano, pasatemedwe mphini, pasafinyidwe.

Mbali ina ya mlanduwu ili kwa madokotala ndi anamwino, ndipo sindiwasiya. Odwala ambiri amene akumwa zitsamba sauza dokotala wawo. Ena amaopa kukalipiridwa pamaso pa anthu, ena saona tiyi kapena ufa wa masamba ngati mankhwala, ndipo ambiri sanafunsidwe n'komwe. Namwino amene amakuwa kuti "mwapitanso kwa asing'anga eti?" wadzitsekera yekha khomo, chifukwa mawa wodwalayo adzakana kwamtuwagalu, creatinine azikwera, onse azidabwa. Funso lofatsa limatsegula zambiri: "Mayi, kupatula mapiritsi athuwa, kunyumba mukumwanso chiyani? Tiyi, mizu, ufa, mavitamini, chilichonse, tiuzeni kuti tione ngati zikugwirizana." Lifunsidwe ulendo uliwonse, kwa aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, poti makapisozi a pa intaneti amagulidwa kwambiri ndi ophunzira. Ndipo wodwala akaulula, yankho lisakhale "siyani" basi. Afotokozeredwe chifukwa chake, ndiponso auzidwe zimene angachite ndi manja ake, chifukwa chimene chinamutumiza ku botolo ndi kusowa chochita. Zochitazo zilipo: kutsitsa BP ndi kuiyeza kawirikawiri, kusamala shuga, kuchepetsa mchere kufika pansi pa magalamu 5 pa tsiku, kusiya fodya, kumwa mapiritsi oteteza impso mosadumphitsa, kuyezetsa mkodzo ngati ukutaya mapuloteni. Zimenezi sizimveka zodabwitsa ngati lonjezo la pa Facebook, koma ndizo zatsimikizika kuti zimatalikitsa moyo wa impso.

Kwa asing'anga ndi ogulitsa zitsamba amene ali oona mtima, ndipo alipo, pempho langa n'lakuti munthu wotupa nkhope ndi mapazi, wokodza thovu, wokodza pang'ono, kapena wodwala shuga ndi BP kwa zaka zambiri, musamupatse chomwa. Mutumizeni akayezetse magazi. Amene angakuuzeni kuti musiye mapiritsi akuchipatala, kapena kuti mudumphe tsiku la makina kuti mankhwala ake agwire bwino, kapena amene akukana kutchula zimene wasakaniza ponena kuti n'chinsinsi, ameneyo m'thaweni, kaya ali ndi chikwangwani chachikulu chotani.

Ndipo inu abale, amene chikondi chanu ndicho chimanyamula mabotolo ambiri, safunsa anadya phula. Musanapereke chilichonse, pitani nacho kwa dokotala kapena kwa wodziwa za mankhwala ku famase, botolo lenilenilo kapena mizu yeniyeniyo, chifukwa dzina lokha silikwanira. Ku Brussels dzina linali lolondola, za m'kati ndizo zinali zina. Akakuuzani kuti sakudziwa zomwe zili m'katimo, yankho ndi lomwelo, wodwala asamwe. Ngati wayamba kale kumwa, musamukalipire ndipo musabise. Pitani naye pamodzi ndi botololo, nenani tsiku limene anayamba ndi kuchuluka kwa zimene amamwa, ndipo pemphani kuti ayezedwe creatinine ndi potaziyamu. Ngati wamwa kwa miyezi mankhwala a ululu amene anagwira msanga modabwitsa, nenaninso zimenezo, chifukwa ngati munabisidwa dexamethasone, kusiya mwadzidzidzi nakonso kumadwalitsa ndipo dokotala ayenera kumutsitsa pang'onopang'ono. Koma mukaona mkodzo wachepa kwambiri kapena wasiya, kutupa kwafika kumaso, akupuma movutikira akagona, akusanza osalekeza, wagwidwa chidikhodikho chosatha, akulankhula zosokonekera, kapena miyendo yalefuka ndipo mtima ukugunda modumphadumpha, musadikire kuti kuche kapena kuti tsiku la kliniki lifike. Nyamukani naye nthawi yomweyo, botolo lija lili m'thumba.